Mitanda Yoyera ya ku Namacula

Kwathu ku Namacula, m'zaka za nkhondo zija, munthu sankafunsa kuti, "Kodi zimenezi walamula ndani?" Ukafunsa ndiye kuti kumsonkhano sunapite. Ngati sunapite, unali kuti, ndipo unali ndi yani? Ankhondo a m'tchire, amene tinkawatcha mabandidu, anali atazinga tauni yathu ya Lichinga, ndipo aliyense ankaganiza kuti mnzake wa khomo loyandikana ndiye amawatumizira mchere.

Ine zimenezi ndinazizindikira nditangolowa sekondale, ndipo sindinazisiye kuti zingowola. Tsiku lina ine ndi atsikana anzanga tinakaima pamzere pakhomo la sitolo yotseka kufupi ndi msika, madengu m'manja, nkhope zili gwa. Dzuwa lisanafike pamutu mzere unali utakhota pakona. Ena ankati kwabwera sopo, ena shuga, bambo wina ankalumbira kuti waona ndi maso ake mabulangete akutsitsidwa. Ife tinachokapo mmodzimmodzi n'kukakhala pansi pa mtengo wa paini kutsidya, tikuseka mpaka nthiti kuwawa. Pa anthu onsewo panalibe amene anagogoda chitseko.

Nkhani ya msewu inali yakale. A sekeretariyo, mkulu wa dera lathu woikidwa ndi chipani, ankaitchula pamsonkhano uliwonse. Ankati boma limanga msewu waukulu wa phula, wochoka ku Lichinga, kudutsa ku Chimbonila mpaka ku Cuamba, woti malole awiri azidutsana osapatukirana. Mbatata ya kachewere ndi nyemba zathu zisiya kuwolera m'nkhokwe, mchere ndi sopo zizibwera ngati madzi. Tinkaomba m'manja. Kuomba m'manja sikunaphepo munthu.

Ndiye m'nyengo yozizira ija, chifunga chikumagona mpaka dzuwa litakwera, kunabwera amuna atatu. Wamkulu wawo anali enjenyeru wochokera kum'mwera, munthu wamtali wovala majekete awiri, chifukwa kuzizira kwa kwathu sankakudziwa. Anali ndi chida cha miyendo itatu chimene ankasuziramo ndi diso limodzi. Wachiwiri ankanyamula ndodo yaitali ya mizeremizere. Wachitatu ankanyamula chidebe cha njereza. Ankayenda pang'onopang'ono pakati pa nyumba zathu, osapereka moni. Apa akwirira kamwala ka simenti kosongoka n'kukapaka njereza. Apo alemba mtanda woyera pamtengo. Kenako anayamba kulemba mitanda pamakoma.

Khoma lathu linalandira wake, waukulu, pambali pa zenera la amayi.

Palibe anatiuza tanthauzo lake, choncho aliyense anapeza lakelake. Ena ankati ndi nyumba zopopera mankhwala a nsikidzi. Ena ankati ndi za anthu olandira chimanga. Koma ambiri ankatsitsa mawu n'kumati boma ladziwa nyumba zodyetsa mabandidu. Anthu a nyumba zopanda mtanda anayamba kuyenda chozungulira akafika pakhomo pathu. Mayi wina amene anabwereka sefa yathu anaibweza potumiza mwana, mwanayo n'kuiponyera pampanda.

Woyandikana nafe anali amayi a nyumba khumi. Ntchito yawo inali kudziwa amene wagona m'nyumba khumi za mzere wathu, amene walandira mlendo, ndi amene wajomba kumsonkhano. Ankaikonda ntchitoyo kuposa ana awo. Khoma lawo linalibe mtanda, ndipo anabwera dala kudzaona lathu.

"Anzanga, mwalandiratu chizindikiro," anatero kwa amayi, manja ali kumbuyo. "Kaya mwachita chiyani."

"Inu amene mumadziwa zonse mutiuze," amayi anayankha.

"Ine ndikudziwa, koma si zonena pabwalo."

Sankadziwa kanthu. Akadziwa chinthu mphuno yawo inkatukuka, ndipo tsiku limenelo inali phee.

Amene anatiuza zoona anali wa ndodo ya mizeremizere uja. Anali Myao wa konkuno, ndipo masana ena anapatuka kudzapempha madzi. Amayi anam'patsa madzi ndi mbatata yootcha. Anadya ataimirira kuseri kwa khitchini, maso ali kunjira.

"Amayi, mwandichitira ulemu, ndiye ndinene. Koma simunamve kwa ine. Paliponse pali mtanda, msewu ukudutsa pomwepo. Nyumba izi zikugwa."

"Nanga ife?"

"Kukubwera malole ndi asilikali. Akukapatsani malo kumudzi watsopano, kupitirira Chimbonila. Sakulengeza msanga, akuti anthu angathawire kwa abale m'tauni."

Kupitirira Chimbonila! Kumeneko n'kumene malole ankapsa. N'kumene kunkachokera anthu amene ankagona pakhonde la tchalitchi, ena opanda makutu. Atsikana a msinkhu wanga mabandidu ankawatenga kukasenza katundu kutchire, ndipo sindinaonepo wobwerako. Amayi analowa m'nyumba, ndipo madzulo ndinapeza mabulangete, mapoto ndi chithunzi cha malemu bambo zitamangidwa m'chitenje, mtolo uli pansi pa bedi.

Ine ndinakakhala pampanda n'kumayang'ana mzere wa mitanda uja ukutsetsereka kudambo. Ndinafunsa mumtima: msewu umenewu uli kuti? Panalibe phula, panalibe thalakitala, panalibe ngakhale khasu. Msewu wonse unali njereza basi.

Tsono kwathu njereza inali ndi ntchito imodzi yodziwika. Kukamabwera mlendo wamkulu wa boma, dera lonse linkayera. Tinkapaka makoma, tinkapaka mitengo kuchokera pansi mpaka m'chiuno mwa munthu, tinkatola miyala n'kuindanda m'mbali mwa njira, mwala uliwonse woyera ngati dzira. Nyumba yotsala yakuda tsiku lotero mwini wake ankakayankha mafunso ku ofesi ya a sekeretariyo, ndipo mafunso a kumeneko ankayamba ndi njereza n'kukathera pa mabandidu.

Kusukulu kwathu kunali thumba la njereza lotsala pa chikondwerero cha ufulu. Ndinalibwereka osapempha. Ndinasakaniza ndi dothi loyera la kudambo kuti ichuluke, ndipo Loweruka m'mawa, chifunga chisanachoke, ndinatenga tsache n'kuyamba khoma lathu. Ndinayambira pakona yakutali, osati pamtanda, ngati munthu amene mtandawo sakuuona n'komwe. Nditamaliza khoma ndinapita pamitengo ya mapichesi. Kenako ndinayamba kundanda miyala kuchokera pakhomo mpaka kunjira, ndikuyeza ndi phazi kuti italikirane mofanana.

Amayi anatuluka, anayang'ana khoma, anayang'ana ine.

"Iwe, ukutani?"

"Ndikukonza pakhomo, amayi."

Anayang'ananso pamene panali mtanda paja. Kenako anati, "Pakona apo wasiya," n'kubwerera m'nyumba.

Amayi a nyumba khumi anali atandizonda kalekale pampanda. Anadziletsa mpaka pamene ndinafika pamiyala.

"Mwanawe, kwagwanji?"

Ndinadzuka, ndinapukuta manja m'chitenje, n'kuwayang'ana modabwa kwambiri. "Aa! Inu amayi simuna..." Ndinadzitseka pakamwa. "Pepani. Ine sindinanene kanthu."

"Sindinatani?"

"Iyayi, ine ndine mwana. Mukafunse kwa a sekeretariyo."

Kukafunsa kwa a sekeretariyo kunali kukavomera kuti pali nkhani imene kamtsikana ka nyumba ya mtanda kamva, iwo osamva.

"Ndifunse chiyani? Ukuyesa sindikudziwa? Ndimafuna ndione ngati kuno uthenga wafika. Komanso miyala yakoyo yakhota."

Dzuwa lisanakwere ana awo onse anali kudambo kukumba dothi loyera. Iwo anali akuyenda khomo ndi khomo, mphuno ili m'mwamba, akufunsa anthu ngati akufuna kuchititsa manyazi mzere wonse. Wina akafunsa kuti akubwera ndani, ankangoti, "Amene anali kumsonkhano akudziwa." Ndipo onse anapezeka kuti anali kumsonkhano.

Pofika masana moto unali utalumphira mizere ina. Ena ankati akubwera bwanamkubwa wa chigawo. Ena ankati nduna ya kulikulu, ndipo ndege yake yatera kale. Agogo ena aamuna, akhungu diso limodzi, ndinawapeza akupaka khola la nkhuku. Njereza yeniyeni inatha msanga, anthu anagwiritsa phulusa, dothi, ena ufa wa chinangwa wothira madzi, m'chaka chimene ufawo unali wosowa. Mitanda inamira umodziumodzi. Ya pamakoma inamira m'makoma oyera, ya pamitengo m'mitengo yoyera.

Za timiyala ta simenti tija, ndisaname, sindinaziganizire ine. Anaziganizira ndi amayi a m'dera. Miyala yondanda inasowa, chifukwa aliyense ankaifuna. Ndiye wina anaona kuti m'tinjira muli timiyala tokongola, tofanana msinkhu, topakidwa kale. Anatizula ndi makasu. Nditaona mayi wina akudutsa ndi tiwiri m'dengu pamutu, ndinalowa m'chimbudzi n'kudziluma chitenje kuti kuseka kwanga kusamveke.

A sekeretariyo anali atapita kutauni tsiku limenelo. Anabwera madzulo panjinga, ndipo ndinawaona akutsika pakona, akukankha njinga pang'onopang'ono, akuyang'ana uku ndi uku. Dera lawo lonse linali mbuu, koma ofesi yawo yokha inali yakuda. Anafunsa munthu? Akanafunsa yani? Iwo ndiwo amayenera kudziwa. Ngati uthenga unadutsa iwo n'kukafika kwa anthu, ndiye kuti kumwamba wina wasiya kuwakhulupirira. Anaitana anyamata a chipani nthawi yomweyo. Kutacha ofesi inali yoyera kuposa nyumba zonse, ndipo njira yolowera inali itandandidwa ndi timiyala ta simenti, mbali zonse ziwiri, tolandidwa kwa amayi aja chifukwa ofesi ndiyo iyenera miyala yabwino.

Tinadikira mlendo. Ana anasambitsidwa m'madzi ozizira. Amayi a kwaya anayeserera nyimbo. Mlendo sanabwere, ndipo anthu anati n'chifukwa cha chitetezo, akuluakulu salengeza tsiku.

Amene anabwera ndi enjenyeru, ndi malole awiri ndi asilikali.

Anatsika, anayang'ana. Anayenda mpaka pamene panali kamwala kake koyamba n'kupeza dzenje. Anathamangira pa kachiwiri, dzenje. Anaima pakati pa njira n'kuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu, akufuna khoma la mtanda pakati pa makoma oyera okhaokha. Mapu anali nawo, inde, koma miyeso ya pamapupo inkayambira pa timiyala tija. Atafika ku ofesi n'kupeza timiyala take tili pamzere ngati ana a sukulu, anavula chipewa n'kuchiponya pansi.

Mawu amene anakuwa anali oopsa. Anati uku n'kuwononga dala ntchito ya boma. Munthu wopezeka ndi mlandu wotero ankapita kumisasa ya kutchire yokonzera anthu maganizo, ndipo kumeneko kunalibe tsiku lotulukira. Apa kuseka kunandithawa.

Belu linalira, tonse tinasonkhana pansi pa mitengo ya paini. Asilikali anakhala pamalole, mfuti pamiyendo. Enjenyeru ankalankhula Chipwitikizi, a sekeretariyo akumasulira, thukuta likutsika ngakhale kunali kuzizira.

"Akufunsa kuti anayamba ndani."



Mkulu wa asilikali analoza agogo a khola la nkhuku aja. "Inu madala, anakuuzani ndani?"

"Ine ndinaona apa," agogo analoza bambo wokonza nsapato.

Wokonza nsapato anati anaona kwa apongozi ake. Apongoziwo anati anamva kwa mayi wogulitsa makala. Chala chinkayenda nyumba ndi nyumba, ndipo ine ndinkachiona chikukwera mtunda kulunjika mzere wathu. Amayi anali pambali panga. Sanandiyang'ane, koma anandigwira dzanja n'kulifinya mpaka zala kuchita dzanzi.

Chala chinafika mumzere wathu, ndipo apa anthu anayankhira pamodzi ngati kwaya: "Anatiuza ndi amayi a nyumba khumi."

Anaimirira, akukonza duku. Anandiponyera diso, ndipo ndinadziwa kuti tsopano azindikira. Koma taganizani pamene anaima. Kwa masiku onsewo anali atauza dera lonse kuti uthengawo anaulandira okha kuchokera kwa akuluakulu. Anakalipira anthu, anaopseza ena kuti awanenera. Tsopano anene pamaso pa asilikali kuti anayendetsa nyumba zonsezi chifukwa kamtsikana kanadzitseka pakamwa? Ndipo akafunsidwa kuti kananena chiyani, ayankhe kuti sikananene kanthu?

Ine ndinawayang'ana mwaulemu, mutu nditapendeketsa, ngati mwana woyembekeza kuphunzira kwa akulu.

"Ine ndimagwira ntchito ndi ofesi," anatero. "Zimene ndimauza anthu zimachokera ku ofesi."

Maso onse anatembenukira kwa a sekeretariyo. Kumbuyo kwawo kunali khoma lowala, ndi timiyala tonse ta enjenyeru. Akanati sakudziwa kanthu, ndiye bwanji ofesi yawo inayera kuposa onse? Akanati analamula okha, malole aja anali ndi malo. Anatsokomola, anakoka jekete.

"Kamarada enjenyeru," anatero, monga ankaitanirana a chipani, poyamba m'Chipwitikizi, kenako m'chinenero chathu kuti tonse timve, "malangizo okonzekera alendo amachokera kumwamba. Anthu a ku Namacula ndi omvera. Akamva kuti chitukuko chikubwera, amachilandira ndi ukhondo."

"Kumwamba kuti? Ndani?"

"Kamarada, mukufuna tipite limodzi tikawafunse akuluakulu ngati amadziwa zimene amalamula?"

Ulendo umenewo enjenyeru sanaufune. Nayenso anali munthu wa dziko lomweli. Anayang'ana mkulu wa asilikali, mkulu wa asilikali anayang'ana kumwamba kwenikweni, kumene kunali mitambo yokha. Wina kumbuyo anayambitsa nyimbo ya chitukuko, ndipo tonse tinaimba mokweza, ine kuposa onse.

Malole sakanadikira. Ankafunika kubwerera limodzi ndi gulu la magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ndipo anapita opanda munthu. Kuti enjenyeru apezenso mzere wake, ankayenera kukayambira pamwala wina wa pachitunda kunja kwa tauni, koma mkulu wa asilikali anakana kupereka anyamata ake kuti akafere mwala. Anakangana ku maofesi mpaka mphepo ya chilimwe inayamba. Pomaliza anagwirizana zongokuza msewu wakale wafumbi, umene unkadutsa kumunsi kwa nyumba yathu. Nyumba zochepa za m'mphepete mwake zinagwa, eni ake anawapatsa malo kuseri kwa msika, m'tauni momwemo, chifukwa malole owatengera kutali kunalibenso.

Ulendo uno amuna oyeza msewu aja anabwera ndi penti wofiira, ndipo msilikali ankayenda pambuyo pawo. Wa ndodo ya mizeremizere uja atafika pakhomo pathu sanapemphe madzi. Anangoyang'ana khoma lathu, anayang'ana manja anga, pamene khungu linali likusupukabe ndi njereza, n'kupukusa mutu. Wa chidebe analemba mtanda wofiira pachimbudzi chathu ndi pamitengo iwiri ya mapichesi. Nyumba anaidutsa.

Amayi a nyumba khumi msewuwo unawagumulira khitchini. Kuyambira pamenepo ankandiwerengera mayendedwe onse. Ndikachedwa kuchokera kusukulu ankadziwa, ndikaseka ankafuna kudziwa chimene ndikuseka. Kamodzi anandipeza pachitsime tili awiri.

"Iwe ndimakudziwa," anatero chapansipansi.

"Inde amayi, ndine wa khomo loyandikana nanu."

"Tsiku lina udzaseka ndi mano akunja."

"Ndikusenzeni chidebe, amayi?"

Anakana, koma chinali cholemera, ndipo pamtunda paja anandilola.

Tsiku limene thalakitala linagumula chimbudzi, amayi anatulutsa mtolo uja pansi pa bedi. Anamasula, anayanika mabulangete padzuwa, anabwezera chithunzi cha bambo pamsomali. Za njereza sanandifunsepo, ngakhale tsiku limenelo. Anangopita kuseri, anatenga khasu ndi fosholo, n'kuziika pamapazi panga. Analoza pakona ya mpanda, pamene dothi lake ndi louma ngati njerwa.

"Anthu a m'nyumba muno afuna chimbudzi," anatero.

"Ndekha, amayi? Dzenje lonse?"

"Khoma lonse unapaka ndi yani?"

Ndinakumba mpaka matuza anaphulika, mutu wanga utabisika m'dzenje, fumbi la thalakitala likundigwera kuchokera kumsewu. Masana amayi anabwera, anasuzira, n'kunditsitsira pachingwe mbale ya nyemba yokhala ndi dzira pamwamba, m'chaka chimene mazira tinkasinthanitsa ndi mchere.

"Lakhota dzenjelo," anatero. "Uwongole."